Makaseti Oyanikidwa Padenga

Tsiku limene Dario anatsitsa makaseti ake a magemu padenga, analira ngati mwana. Mvula yomaliza ya chaka inali itadontha m'kashedi kake koseweretsamo ana magemu pa Limbuli, ndipo iye, poti anakulira pakhomo poyanika chilichonse chonyowa, anawayala pa malata ngati mphale. Dzuwa linawapinda onse, makina ake akale osewerera makasetiwo n'kutsala opanda ntchito.

Folomu 4 anali atalephera kale, choncho kashediko ndiko kanali munda wake. Bambo ake, a Vitorino, sanatalikitse nkhani.

"Dengu la tiyi likukudikira ku esiteti, mwanawe. Zidolezo zakwana."

Dario ankaliopa dengulo, chifukwa anaona mmene linathera msana wa bambo ake. Anapempha kuti amupirire mpaka mvula yoyamba, nyengo imene esiteti imalemba othyola tiyi.

Kunena zoona, mnyamatayu mutu wake sunkakhala pansi pano. Akayang'ana minda ya tiyi m'tsinde mwa phiri, ankaona kamunthu ka m'gemu kakudumpha mzere ndi mzere mpaka kukasowa m'nkhungu. Nyimbo za magemuwo zinkamulirira m'makutu ngakhale ali pa njinga. Anzake ankati wazungulira mutu.

Ku Chitakale kunali mayi Anesi, okonza mafoni. Iwo ankasunga makina a magemu amakonoko, ogula pa kaunjika, amene anasiya kuwerenga madisiki. Anamuuza kuti kuli pulogalamu yonyengerera makina otero kuti azidziyesa akale, ndipo magemu onse amene anaonongeka aja akhoza kukwana pa kafulashi kochepa ngati chala. Anamubwereka makinawo, nati akalephera awabweze.

Analepheradi, osati kamodzi. Poyamba sikirini inkangoti bii. Kenako chithunzi chinabwera chopanda mawu, kenako kamunthu kaja kankayenda ngati kali m'matope. Ankapalasa kubwerera ku Chitakale kukafunsa, mayi Anesi n'kumamuseka kuti atha matayala asanaone phindu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mvula yoyamba inagwa. M'mawa mwake a Vitorino anafika pa kashedi kudzamutenga, ndipo anamupeza misozi ili mbwee. Mu wailesi ya kanema munkatuluka kanyimbo kakale kaja, koyera bwino, kamunthu kakudumpha mwa liwiro lake.

"Bambo, tangogwirani kamodzi kokha," anatero Dario, akuwapatsa chowongolera.

Anakana, kenako anachilandira ndi manyazi. Zala zozolowera kuthyola nsonga za tiyi zinapeza mabatani mosavuta. Kamunthu kanagwera m'dzenje, nkhalamba n'kuseka mpaka kutsokomola. Anayambiranso, n'kuyambiranso, dzuwa likukwera.

Pomaliza anaika chowongoleracho pansi mwaulemu.

"Ubwana wanga unatha ndikuthawa mfuti ku Mozambiki. Sindinkadziwa kuti kusewera kumakoma chonchi."

Tsiku limenelo anapita ku esiteti okha, ndipo anachedwa.

Lero kashedi kaja ndi nyumba ya njerwa. Ana amabwera, koma amene amadzaza mabenchi ndi akabaza ndi othyola tiyi, anthu a ndevu amene ali ana ankangosuzumira pakhomo anzawo akusewera.

Inunso mwina munayanika chuma chanu padzuwa lolakwika, ndipo anthu akukusekani. Lirani pang'ono, pukutani maso, kafunseni kwa odziwa. Mtima wokhawo musautaye.