Ngolo ya Mchenga

Nkhaniyi sindinauzepo munthu. Mkazi wanga anamwalira osaimva. Esinati, amene amagulitsa nyemba mumsika wa Mitundu n'kumanditchula kuti malume, saidziwa. Ine si malume ake. Ndalemba kuti ana ake adzawerenge, iyenso ngati adzafuna.

Ndinali mnyamata wongomera kumene ndevu. Tinkakhala pa siteshoni yaing'ono ku Mozambique, pa njanji yochokera ku Cuamba kubwera ku Nayuchi. Bambo anga asanamwalire ankayenda pa njanjiyo ndi nyundo, kugogoda mabawuti. Nyundoyo anandisiyira. Mayi anali atapita kwawo kukakolola mapira.

Tsikulo ndinali kukhoma chitseko cha khola la nkhuku. Mfuti zinalira cha kuchigayo. Sindikudziwa amene anayamba, asilikali a boma kapena oukira a m'tchire. Ndinathamangira ku siteshoni nyundo ili m'manja.

Sitima inali itaima pa thanki ya madzi kuyambira m'mawa. Kutsogolo kwa mutu wake kunali ngolo ziwiri zopanda denga, zodzaza mchenga. Ndinali nditazionapo kale. Sindinafunsepo chifukwa chimene mutu unkakankhira ngolo m'malo mozikoka. Kapena ndinafunsapo. Apa sindikumbukira bwino.

Ngolo zakumbuyo zinadzaza msanga. Pa mchenga panali malo. Ndinakwera ngolo yoyamba.

Pambali panga panakhala a Mwalabu, telala woyandikana nafe nyumba. Akazi awo anali atamwalira chaka chapitacho. Ananyamula makina osokera okulungidwa m'chitenje, ndi mwana wawo Esinati, wa zaka zitatu. Anasalaza mchenga ndi chikhatho n'kumugoneka mwanayo. Anati, "Awa ndiye malo a mabwana."

Wina anandikoka mwendo. Anali a Nampinga, kapitawo wa njanji, mnzawo wa bambo anga. Ananditengera pambali.

"Mwana wa njanji sakhala pa mchenga. Ngolo izi n'zopondera mabomba. M'ngolo yathu muli malo a munthu mmodzi. Usatsegule pakamwa. Onsewa akatsika, sitima siwadikira."

Ndinabwerera kukatenga nyundo. A Mwalabu anandifunsa kumene ndinkapita. Ndinati kumbuyo kuli mthunzi.

"Ndiye tenga mwanayu, dzuwa lingamupweteke. Ine ndisunga makina."

Ananditsitsira mwanayo. Anandithokozanso.

Mawu a mthunziwo ndawatembenuza zaka zonsezi. Masiku ena ndimati ndinawanena kuti andipatse mwana. Masiku ena ndimati ndinangofuna kuchoka msanga. Sindikudziwa.

Sitima inkayenda pang'onopang'ono, moti munthu wa miyendo akanatha kuitsatira. Ndinakhala pakhomo pa ngolo ya a Nampinga, mwana ali pamiyendo. Mawaya a lamya anali odukaduka, akulendewera m'mitengo yake. Tinadutsa ngolo yogona cham'mbali, udzu utamera m'magudumu. Pa kamlatho kena mitanda ya pansi pa njanji inali yatsopano, yoyera. Yakale inali mulu wa makala m'mphepete, ndipo chitsulo cha njanji chinali chitapindika ngati chikwakwa.

M'mbali munali timiyala topaka laimu, tolembedwa manambala. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuwerenga. Ndinkangotiona tikubwera n'kupita.

Bomba litaphulika kutsogolo, phokoso lake silinali lalikulu monga ndinkaganizira. Ngolo zinagundana, imodzi ndi inzake, mpaka kufika pa yathu. Kenako mchenga unayamba kugwa padenga ngati mvula yoyamba. Unagwa nthawi yaitali. Mwana sanadzuke.

Tinaima moyang'anizana ndi kamwala kamodzi. Nambala yake yomaliza inali ngati mazira awiri osanjikizana. Patapita zaka zambiri, ndili ndi imvi kale, ndinayamba sukulu ya kwacha ku Nathenje. Aphunzitsi atalemba 8 pa bolodi, ndinatuluka. Ndinati ndadwala.

A Nampinga anaitana antchito. Ndinasiya mwana kwa mayi wina wosamudziwa. Tinakweza ngolo yophulikayo ndi majeki n'kuigubuduzira kumbali. Tinatsitsa chitsulo china cha njanji chimene sitima inkayenda nacho. Ndinakhoma ndi nyundo ya bambo. Ndinakhoma bwino. A Nampinga anati dzanja langa ndi la bambo anga.

Kumanzere kunali mtengo waukulu. Amuna ena ankakumba pansi pake ndi mafosholo a mchenga uja. Sindinayang'ane kumeneko. Pakati pa miyala ya njanji ndinaona gudumu la makina osokera. Ndinalilumpha.

Ngolo yachiwiri ya mchenga inasanduka yoyamba. Amene anali pamenepo anatsika, nayendayenda m'mbali mwa sitima kufuna malo. Malo panalibe. Mutu utalira, anakweranso pa mchenga womwewo, tsopano akudziwa. Izi ndiye zimandisokoneza kwambiri. Mwina ndikanawauza, a Mwalabu akanakhalabe pomwepo ndi makina awo. Mwina akanatsika n'kupezeka ndi a m'tchire. Mwinanso akanakhala ndi moyo lero, akusoka pakhonde ku Mitundu.

Tinafika pa malire dzuwa litapendeka. Ndinkayesa kuti njanji isintha. Sinasinthe. Zitsulo zinali zomwezo, kutalikirana kwake komweko. Koma miyala inali yopalira bwino, yopanda udzu. Mabawuti anali ndi mafuta. Mawaya anali athunthu, mbalame zitatera pamenepo. Munthu wa yunifolomu yochapa anakweza kambendera kobiriwira ngati palibe chimene chachitika.

Pa Nayuchi anatitsitsa. Esinati anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kumene kunali ababa ake. Ndinati ali m'ngolo yakutsogolo. Anagwedeza mutu. Masiku otsatira anafunsanso kangapo, kenako analeka.

Mayi anga sindinawaonenso. A Nampinga anabwerera ndi sitima yomweyo, ndipo sindinamve za iwo. Ine ndi mwanayo tinakhala ku kampu ya othawa nkhondo, kenako lole ya esiteti ya fodya inadzatenga matenanti n'kutitula cha ku Mitundu. Lero ndimakhala kufupi ndi Nathenje. Kuno njanji sidutsa. Anthu amati ndinatsata nthaka yabwino.

Esinati amadziwa kuti bambo ake anafa pa nkhondo. Mwezi uliwonse amanditumizira nyemba ndi sopo pa minibasi. Ndimalandira.

Kutacha pa Nayuchi paja, kalaliki anaika tebulo pansi pa khonde la siteshoni. Tinaima pa mzere. Atafika pa ine anandifunsa dzina ndi kwathu. Kenako analoza mwanayo ndi cholembera.

"Nanga uyu ndi wa ndani?"

Ndinati, "Ndine malume ake."

Analemba. Ndinadinda chala.

Kuseri kwa siteshoni kunali mpopi. Ndinamutengera kumeneko. M'tsitsi mwake munali mchenga, wa pamene bambo ake anamugoneka paja. Ndinamusambitsa mutu mpaka wonse unatha.