Nthungululu M'nyimbo ya Madala a ku Mexico

Ku Roysambu, dera la mumzinda wina kunja kwa Malawi, kuli madala ena ochokera ku Mexico, amene anakalambira kupeka nyimbo ndi kutsogolera magulu akuluakulu a azeze ndi malipenga. Ngakhale matatu, maminibasi a kumeneko, akaliza hutala pamsewu, dzanja lawo limayamba lokha kuvina. Amaphunzitsa kwaya ya ophunzira Achimalawi, ndipo akafumbata dzanja, palibe woyerekeza ngakhale kutsokomola. "Kukhala chete nakonso ndi nyimbo," amatero.

Paukwati wa Ndaziona, mtsikana wa m'kwayamo, madalawo anafumbata dzanja pakati pa nyimbo yawo yatsopano, tchalitchi chonse zii. Pomwepo azakhali a mkwatibwi, ongofika kumene kuchokera ku Ntcheu, analiza nthungululu. Oimba anangoti kakasi, kudikira mkwiyo.

Potuluka, madalawo anakawagwira dzanja azakhaliwo.

"Mayi, ndakhala ndikusowa choika m'nyimbomo pamene munaliza nthungululu paja. Musafulumire kubwerera kwanu, Lamlungu tiimbanso."