Mphira za pa Njinga ya a January

Anthu a ku Chigaru amati a January Muhiwa amafika katatu. Limayamba ndi belu, kenaka fungo, pomaliza eni ake. Mphepo ikakhala ikuchokera kumbuyo kwawo, fungo ndi limene limatsogola, ndipo amayi amayamba kufunafuna mbale belu lisanalire n'komwe.

Papita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri a January akugulitsa usipa, matemba ndi milamba yowamba. Amaoda pa Lirangwe tsiku la msika, n'kumapalasa mudzi ndi mudzi mpaka kutsikira ku Chileka, kumene ndege zimawadutsa pamutu iwo ali kalikiliki kuika milu pa saka. Agogo awo adachokera ku Mozambique wapansi, atasenza khasu ndi mphasa, ndipo a January amakonda kunena kuti mtundu wawo udayenda wapansi mokwanira. N'chifukwa chake adagula njinga asanagule malata.

Njingayo amaisamala kuposa mmene amadzisamalira okha. Loweruka lililonse ankaitsuka ndi sopo, sipoko ndi sipoko, mpaka mkazi wawo, mayi Magret, ankawaseka kuti nawonso akadabadwa ndi matayala bwenzi akukondedwa. Koma kudali malo amodzi kumene madzi sankafika. Mapulasitiki ogwirira pa mahandulo atatha, a January adang'amba chubu chakale n'kukulunga mphira mothina, monga amachitira aliyense woyenda ndi njinga kuno. Adakulunga mwaluso moti zidatha zaka khumi osamasuka, ndipo iwo ankanyadira zimenezo. Tsiku lonse dzanja linkachoka mu usipa kupita pa handulo, kuchoka pa handulo kubwerera mu usipa, thukuta la mwezi wa Okutobala likuthandizira.

Chaka chatha mwana wawo woyamba, Tawina, adasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera, mtunda wa makilomita asanu ndi anayi kuchokera kunyumba. A January adasangalala mpaka kugulitsa milu yosefukira sabata yonse. Iwo sukulu adalekera Sitandade 4, osati chifukwa cha umbuli koma mtunda, ndipo adalumbira kuti mwana wawo mtunda sudzamugonjetsa njinga ilipo. Adapita kwa wowotcherera zitsulo, n'kuikitsa timahandulo kuseri kwa chishalo ngati ta akabaza, kuti mwana azigwira. Pofuna kuti chitsulo chisamupweteke m'manja, adatikulunga ndi mphira zimene zidali pafupi, zomwe ankamangira dengu la nsomba. Chikwama cha mabuku ankachikoleka kutsogolo, pa handulo yawo.

Mwezi woyamba zonse zidayenda bwino. Wachiwiri, Tawina adayamba kupempha kuti azitsikira pa mtengo wa mango, kutali ndithu ndi geti la sukulu. Kenaka adati akufuna kumayenda wapansi ndi anzake, pamene kumudziko kudalibe mnzake wa sukulu imeneyo ngakhale mmodzi. Ankafika mochedwa, ankapatsidwa chikwakwa m'malo mwa phunziro, ndipo posakhalitsa mutu udayamba kumamuwawa Lolemba ndi Lachinayi. Mapeto ake adauza mayi ake kuti msuwani wake Molly wamupezera ntchito ya m'nyumba ku Chirimba, ndipo teremu ikatha apita.

Mayi Magret adadikira kuti amuna awo atsitse dengu ndi kumwa madzi, ndipo adawauza zonse.

"Bambo a Tawina, mwanayu sukulu sakuida ayi. Anzake akumutchula Usipa. Akatulutsa kope amatseka mphuno, ndipo pa desiki amakhala yekha."

"Usipa wake uti? Mesa amasamba? Njinganso ndimatsuka ine!"

"Nunkhizani pamene amagwirapo."

A January adawerama n'kununkhiza timahandulo. Adanunkhizanso handulo yakutsogolo, uku ndi uku. Sadamve kanthu, chifukwa mphuno yawo idagonja kalekale. Amati tsoka silinunkha, koma lawoli linkanunkha mudzi wonse, osalimva adali eni ake okha.

Zidawawawa kwambiri, tisabise. Mawu adafika pakamwa akuti usipa womwewo ndi umene udagula yunifolomu, koma atayang'ana mwana wawo atakhala pakhonde, maso ali pansi, akupukuta manja pa chitenje ngati pali chomata, adawameza mawuwo. Adakumbukira tsiku limene iwo adasiya sukulu. Palibe adawaletsa tsiku lija, ndipo mpaka lero amalakalaka wina akadatero.

M'mawa mwake adachita zimene mwamuna wothedwa nzeru amachita. Adatenga kabotolo ka perefyumu kamene mayi Magret amasungira maukwati, n'kupopera mahandulo onse mpaka kutheratu. Adaitana Tawina monyadira. Mwanayo adanunkhiza kamodzi, n'kubwerera m'mbuyo.

"Ababa, tsopano zikumveka ngati usipa ukupita ku ukwati."

Mayi Magret adaseka mpaka kukhala pansi, ataiwala kaye za perefyumu wawo. Nayenso Tawina adaseka, koyamba patapita masabata ambiri. A January sadaseke, koma adaona kuti mwana wayamba kuyankhula, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.

"Ndiye titani, mayi wanga?" adamufunsa mwanayo.

"Fungolo lili m'kati, ababa. Pamwamba mumatsuka, koma mphirazi simunamasulepo."

Loweruka limenelo a January sadapite ku Chileka. Adatenga mpeni n'kudula mphira zawo zonyaditsa zija. Zimene adapeza kunsi kwake sizoti munthu n'kufotokoza anthu akudya: phala lakuda la mafuta a nsomba, mamba, mchere ndi thukuta la zaka khumi, chitsulo chitachita dzimbiri. Nkhuku zidabwera zokha osaitanidwa. Adapala ndi mpeni, adakwecha ndi phulusa ndi mchenga, adatsuka ndi madzi otentha a sopo, kenaka adathyola mandimu kuseri kwa nyumba n'kutikita chitsulo chonse. Njinga adaiimika padzuwa tsiku lathunthu.

Vuto lidali loti iwo sakadadziwa ngati fungo latha. Adayenera kubwereka mphuno, ndipo mphuno yake idali ya Tawina yemweyo.

"Bwanji pamenepa?"

"Likadalipo, kumanzereku."

Adakwechanso, adatikitanso ndimu. Dzuwa litapendeka adamuitananso, ndipo mwanayo adati latsalira pa mabuleki. Munthu wamkulu, wa imvi za m'mbali, adagwada pa fumbi kachitatu n'kumakolokosa timipata ta buleki ndi kamtengo, mwana wake ataima pambali ngati kapitawo. Anthu odutsa ankafunsa ngati njinga yadwala.

Mphira sadabwezerepo. Mayi Magret adang'amba chitenje chakale n'kusoka timalamba tiwiritiwiri, tina ta m'mawa, tina ta malonda. Ta m'mawa a January amakulunga akasamba m'manja ndi phulusa ndi ndimu, asanakhudze dengu. Akabwera kokatula mwana amatimasula, n'kukulunga ta nsomba, ndipo madzulo tonse timachapidwa n'kuyanikidwa pa chingwe pamodzi ndi malaya. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo anzawo a pa Lirangwe amawaseka kuti njinga yawo imasintha zovala kuposa mkwatibwi. Chikwama chija adachichapa kawiri, n'kuikamo makoko a ndimu.

Za ku Chirimba a January sadazitchule. Ankaopa kufunsa, chifukwa ankaopa yankho. Lolemba m'mawa adangotulutsa njinga, n'kuiimika pabwalo, n'kumakonzakonza belu limene silidawonongeke. Adadikira nthawi yaitali ndithu. Kenaka chitseko chidatseguka, Tawina adatuluka atavala yunifolomu. Adawerama n'kununkhiza timahandulo, ndipo adakwera.

A January ankapalasa mtima uli m'mwamba, akudziwa kuti dzina lachipongwe silichoka ndi ndimu tsiku limodzi, ndiponso kuti ana a sukulu saiwala msanga. Atayandikira mtengo wa mango uja adayamba kufinya buleki monga adazolowera, phazi likufunafuna pansi.

"Pitirizani, ababa," adatero Tawina kumbuyo. "Mukanditsitse pa geti."

Pa geti padali ana ambirimbiri, ena a iwo omwe aja otseka mphuno. Tawina adatsika, adatenga chikwama chake pa handulo, ndipo adanena mokweza, kuti onse amve, "Muyende bwino, ababa. Usipa ukagulidwe."

A January adangogwedeza mutu n'kutembenuza njinga. Atakhota pa mango paja adaima, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati kuli wowaona, ndipo adawerama n'kununkhiza kansalu ka pa handulo. Ndimuyo sadaimve, monga momwe sadamvere usipa zaka zonse zija. Adapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kupalasa kubwerera kunyumba kukatenga dengu.