Mvula ya M'chinsanja

Ku fakitale yosungunula zitsulo onse ankawatchula kuti Namvula, moti dzina lawo lenileni linatsala ndi kalaliki yekha. Anayamba ntchito ali mtsikana, kusesa phulusa pafupi ndi ng'anjo mpaka nsidze kupserera. Kampani itagula chinsanja chotsukira utsi, amuna onse anachikana, amvekere ndi ntchito ya matope. Namvula anangoti, "Bweretsani kuno."

Chinsanjacho sichovuta kuchimvetsa. Utsi wa m'ng'anjo umalowera pansi, pamwamba timipopi timawaza madzi ngati mvula, ndiye mwaye ndi fumbi zimagwa n'kusanduka matope akuda bii. Kuchumuni kumangotuluka nthunzi yoyera. Namvula ankazibula timipopi ndi waya, kumvetsera kulira kwa pampu, kutapa matope ndi fosholo, ndipo ukawapatsa mpata ankakusimbira za chinsanjacho mpaka tiyi wako kuzizira.

Nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda wa fakitale, kumene mphepo imathamangira. Amuna awo, telala wachikulire, anali ndi mphumu, ndipo chaka chimenecho inakula. Madzulo aliwonse ankabanika pa mashini, kulankhula mawu awiri n'kupuma. Mng'ono wawo wa telalayo anabwera n'kugamula kuti mwezi ukatha adzawatenga akakhale kwake, kutali.

"Mlamu, inu mukuti mumatsuka utsi, koma achimwene akutha ndi utsi womwewo," anatero.

Mawuwo anawabaya Namvula pamtima. Zoti nkhalamba yawo ichoke iwo n'kutsala ndi mipando sanazifune ngakhale pang'ono. Komatu mlamuyo sananame. Namvula ankalowa m'mawa n'kuweruka masana zonse zili bwino, koma madzulo akasuzumira pazenera ankaona chumuni chikulavula utsi wotuwa. Akafunsa kuntchito, yankho linali limodzi: ng'anjo imalusa madzulo, mayi.

Tsiku lina sanaweruke. Anakabisala kuseri kwa migolo. Belu lamadzulo litalira, amuna a kung'anjo anatulukira ali mbuu ndi phulusa, sopo ali m'manja. M'bafa la antchito madzi ankangodontha, ndiye akatswiriwa anali atapeza nzeru. Analumikiza paipi ya labala pa mpope wotengera madzi abwino kuchinsanja, n'kuyamba kusamba, nyimbo ili pakamwa. Singano ya geji yoyezera mphamvu ya madzi inagwa, mvula ya m'chinsanja inakata, utsi n'kumadutsa ndi litsiro lake lonse.

Namvula sanakuwe. Anadikira mpaka onse atadzola sopo kumaso, kenako anatseka mpope, n'kuzula paipi ija, n'kuidula pakati ndi sowo. Atatero anabwezera madzi kuchinsanja, mvula ija n'kuyambiranso.

"Ndani watseka madzi? Sopo m'maso ine!" anakuwa kapitawo wawo, akupapasa khoma.

"Ndine. Akuwawa eti? Amuna anga amamva kuwawa choncho m'chifuwa tsiku ndi tsiku. Tsegulani maso muone chumuni!"

Anatsegula, misozi ili chuchuchu, ndipo anaona utsi wotuwa uja ukuyera iwo akuyang'ana. Thovu linayamba kuuma pamsana pa zibambo zonse. Kapitawo anadziphimba ndi chidebe n'kunena chapansipansi, "Pepani mayi, sitinkadziwa kuti ukupita kwanu."

"Kwanga kokha? Ana anu amapuma chiyani?"

Sabata yomweyo amunawo anakonza okha bafa lawo, lomwe linawakanika zaka zambirimbiri. Manyazi amagwiritsa ntchito mwachangu kuposa bwana.

Mphumu sinathe ayi, koma inafatsa. Mwezi utatha mlamu uja anafika ndi galimoto yobwereka, n'kuwapeza achimwene ake pakhonde akusoka kolala.

"Achimwene, longedzani tizipita."

Telala anavula magalasi n'kuimirira. "Ndilongedze chiyani? Iwe ndinakubereka kumsana ine, makabudula ako onse a kusukulu ndinasoka ndine, lero ukufuna kundinyamula ngati thumba? Mkazi wanga ndimusiyire ndani? Makasitomala anga uwasokera ndiwe, iwe amene batani lenilenili limakukanika?"

Anamukalipira, namukalipiranso, mawu akungotsatana osaima, mpaka oyandikana nawo anatuluka kudzaonerera. Namvula anaima pakhomo akudikira chifuwa chija kuti chiwadule amuna awo pakamwa, koma sichinabwere. Misozi yachimwemwe inagwa iwo akuseka.

Mlamu uja anatembenukira kwa Namvula. "Mlamu, aletseni!"

"Ayi," anatero Namvula, akupukuta m'maso. "Pitirizani, bambo. Musasiye."