Agda ndi Mabowo Ake Awiri

Alamu anga a Sixten Brolin anayendetsa basi ya ana asukulu kuno ku Jämtland mpaka mutu wonse kuyera. Koma mukafunsa munthu m'mudzi muno kuti a Sixten ndani, za basi sakuuzani. Akuuzani kuti ndi aja a mfuti zakale, aja sanajombepo ku mpikisano wowombera chandamale m'nkhalango mwezi wa Okutobala chiyambire unyamata wawo.

Mfuti zawo ndi za mtundu wa Mauser, zimene asilikali athu ankanyamula agogo athu ali anyamata. Amazisunga m'makabati achitsulo m'chipinda chapansi, ndipo iliyonse ili ndi dzina la mkazi. Chimene amanyadira n'chakuti zonse zili mmene zinatulukira ku fakitale, nambala ya pa mpope yomweyo pa chokokera, yomweyonso pa kachitsulo kalikonse. Akazi awo a Gunborg, amene ndi achemwali anga, amati m'nyumba mwawo muli akazi ambirimbiri, koma iwo okha ndiwo sapakidwa mafuta Lamlungu.

Ine ndine Helge, ndipo ntchito ya manja anga ndi yosemphana ndi yawo. Ndimatenga mfuti zakale zomwezo n'kuzikonza kuti zizilasa bwino pa mpikisano. Ndimaboola chitsulo, kuikapo choyang'anira chatsopano, n'kusema mtengo kuti uzikhala bwino patsaya. Kwa ine mfuti ndi chipangizo ngati nkhwangwa, koma kwa alamu ntchito yangayi ndi kupha. Chikwatirire achemwali anga sananditchulepo dzina, ndine “abutchala” basi. Akalowa m'galaja mwanga amavula chipewa n'kufunsa motsitsa mawu kuti maliro a lero ndi a yani.

Vuto linayamba mu Meyi, chipale chofewa chitangosungunuka, tsiku loyamba lokonzekera mpikisano. Tinagona pamzere, aliyense n'kuwombera zipolopolo zisanu. Titapita kukaona, chandamale cha a Sixten chinali mbee, chopanda bowo ngakhale limodzi. Cha a Valter Edholm, amene anagona pambali pawo, chinali ndi mabowo khumi, asanu mwa iwo ataunjikana pakati penipeni. A Valter ndi munthu woti atha kuphonya khoma la tchalitchi ali m'kati, koma anaumirira kuti onsewo ndi awo. Tinaseka mpaka misozi. Alamu anaseka nafe, koma khofi wawo anazizira osamukhudza.

Dokotala anawauza kuti pakati pa diso lakumanja pachita kachifunga kamene magalasi sangachotse, ngakhale lakumanzere lili bwinobwino. Mayi Majvor Lindell, wapampando wa kalabu yathu, anawaitanira pambali n'kuwauza mwaulemu kuti m'nkhalango, mmene zandamale zimaima pakati pa mitengo, sangalole munthu wosazindikira chake kulowa pamzere. Alamu anayesa kuwombera paphewa lakumanzere, koma phewa limenelo linathyoka kale ataterereka pa ayezi, ndipo silinyamula kanthu nthawi yaitali.

Njira ndinali nayo. Mfuti ikhale paphewa lakumanja momwemo, koma choyang'anira ndichisunthire kumanzere pa kachitsulo kopingasa kuti azichalira ndi diso labwinolo. Choyang'anira chakutsogolo chimangomangidwa pa mpope, koma chakumbuyo chimafuna mabowo awiri a timabawuti. Ndinawauza kuti ndi awiri okha.

“Awiri okha,” anatero. “Inu abutchala, nditakuboolani awiri okha pamphumipo mungati n'zochepa?”

Anakana kwamtuwagalu kupereka iliyonse ya m'kabati. Tinagwirizana kuti agule mfuti ina yotheratu, yoti munthu sangaimvere chisoni, ndiye ndiboole imeneyo. Anaipeza kwa mlimi wina ku Hoting, yadzimbiri, mtengo wake uli bii ndi litsiro. Tinadikira chilolezo cha apolisi masabata angapo monga mwa nthawi zonse. Itafika ananena kuti abwera nayo Lolemba, koma ayambe aipukuta pang'ono, chifukwa n'zamanyazi kupita kwa anthu ndi mfuti yauve.

Lolemba linadutsa, Lachiwiri linadutsa. Nditapita kwawo, achemwali anandichingamira pakhomo manja ali m'chiuno.

“Usavutike n'kuvula nsapato, Helge. Apeza kuti manambala onse ndi ofanana. Yapatsidwa kale dzina, ndi Tekla.”

Yachiwiri ndinasankha ndekha. Inali yophatikiza zitsulo za mfuti zitatu, manambala osadziwana n'komwe, mtengo wong'aluka womangidwa ndi waya. Achemwali anakhazikitsa lamulo lakuti asaipukute, asaipatse dzina, ndiponso asatsale nayo okha m'chipinda. Tinadikiranso chilolezo, dzuwa la Julaye n'kumapita. Tsiku loti abwere nayo anafika chimanjamanja, maso ali pansi ngati mwana woswa kapu. Anati anangoiyang'ana kamodzi, ndipo anaona kuti ndi yamasiye, yazunzika kale mokwanira m'manja mwa anthu onga ine. Dzina lake linali Rut.

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti yoyamba yakongola kwambiri, yachiwiri yavutika kwambiri, ndiye yachitatu idzakhala ndi mano a mkaka. Ndinati ndiwabwereke imodzi mwa zanga zoboola kale, koma anayankha kuti kuli bwino aonekere ku mpikisano atavala diresi ya a Gunborg. Nthawi yodikira chilolezo chachitatu inali itathanso.

Mu Seputembala anasiya kubwera kokonzekera. Achemwali anandiuza kuti Lachinayi madzulo, kulira kwa mfuti kukayamba kumveka kuchokera ku bwalo lathu, amakweza wailesi mpaka mawindo kunjenjemera. Nthawi zina amatsikira kuchipinda chapansi, kutsegula makabati, kuima pamenepo, n'kutsekanso. Anayambanso kufunsa ngati anthu ophika supu pa tsiku la mpikisano akwana. Zinandiwawa mumtima kumva kuti a Sixten Brolin akudzikonzera malo pambali pa poto, ngakhale kuti mutu wawo wouma ndi umene unatifikitsa pamenepo.

Loweruka lina m'mawa, mpikisano utayandikira, ndinamva galimoto yawo ikuima panja. Analowa m'galaja atakumbatira chikwama chachikopa chimene aliyense m'kalabu amachidziwa. Munali Agda, mfuti yawo yoyamba, imene anagula ndi malipiro awo oyamba asanawaone n'komwe achemwali anga, imene anawombera nayo mipikisano yonse.

“Alamu, mwasokoneza chikwama,” ndinatero.

“Sindinasokoneze. Tekla ndi Rut ndi alendo, sindingawapemphe zinthu zotere. Agda ndakalamba naye. Ine ndili ndi chitsulo m'phewamu, mano ena ndi ogula, koma sanandinyozepo. Ndamufunsa, akuti m'kabati mu Okutobala sagonamo.”

Ine amene ndaboola mfuti zosawerengeka ndikuimba mluzu, tsiku limenelo sindinauimbe. Ndinayeza, kuyezanso, n'kulemba timadontho tiwiri, kenako ndinamanga Agda pa makina oboolera. Nditagwira chotsitsira cha makinawo, alamu anandikankha pang'ono ndi chigongono. Anati ngati pali wochita zimenezi, ndi iwo eni ake, ine ndingowauza poimira. Anavula chipewa n'kuchipachika pa msomali, ndipo nthabwala ya maliro sanainene. Anatsitsa pang'onopang'ono, diso lakumanja atatsinzina, mpaka ndinati basi. Atamaliza bowo lachiwiri anatola tinyenyeswa ta chitsulo tonse, n'kutiika m'kachitini kopanda kanthu ka fodya wawo wa m'kamwa, n'kukalowetsa m'thumba la pachifuwa.

Lachinayi lotsatira Mayi Majvor anaima kumbuyo kwawo akuwombera, ndipo atakaona chandamale anangowagwira paphewa n'kuwauza kuti asachedwe Lamlungu.

Tsiku la mpikisano kunazizira ndithu. Tinayenda m'nkhalango m'timagulu, malo ndi malo, nsapato zikumira m'ndere. Alamu sanapambane, anathera chapakati, pansi pa ine pang'ono, zimene sindilola kuti aiwale. Koma powerenga zotsatira Mayi Majvor analengeza kuti zipolopolo zonse za a Sixten zapezeka pa chandamale chawo, ndiye a Valter chaka chino adziwombera okha. A Valter anadandaula kuti munthu ukazolowera thandizo sibwino kukuchotsera mwadzidzidzi.

Tikumwa supu ya nsawawa, kunabwera bambo wina wa ku Östersund, wosonkhanitsa mfuti zakale nayenso. Anaona Agda pa choimikira, n'kuwerama kuwerenga manambala, nkhope ikugwa pang'onopang'ono. Anafunsa mokweza kuti ndi chigawenga chiti chimene chaononga mfuti yabwino chotere. Kalabu yonse inatembenukira kwa ine, ena akumwetulira kale, ndipo ndinaika supuni pansi kudikira kuti alamu andiloze.

“Ndine, achimwene,” anatero a Sixten. “Ndi manja angawa. Nanga zanu zosaboolazo mwabwera nazo?”

Bamboyo anati ayi, zili m'kabati kunyumba.

“Mukazipatse moni. Agda wayenda nkhalango yonse lero, watopa, ndikufuna ndimupukute.”

Pobwerera ndinakhala kumbuyo kwa galimoto, achemwali kutsogolo, Agda m'chikwama chake. Alamu anayendetsa mwakachetechete ngati anyamula ana asukulu amene agona. Titafika pa geti panga anaima, n'kundiyang'ana pagalasi ndi diso lawo labwino lija.

“Zikomo, a Helge,” anatero.

Achemwali anatembenuka, kuwagwira pamphumi, n'kuwafunsa ngati akumva kutentha thupi.