Okestra Imene Inapulumukira Kuseri kwa Uvuni

Chaka chimene khonsolo ya tauni inasiya kulipira oimba a okestra, gulu lalikulu loimba ndi zida zosiyanasiyana, mmodzi mwa iwo, Tsvetana Bakalova, anapezeka pamsika wa m'mbali mwa mtsinje wa Danube akugulitsa tsabola wa m'mabotolo. Zala zake, zozolowera kuimba vayolini, chida cha zingwe, zinang'ambika ndi chisanu. Holo yawo anaitseka, ndipo anzake ambiri anathawira kunja kwa dziko kukaimba m'mahotela.

Mwana wake wamkazi atadwala chifuwa, m'nyumba mulibe ndi nkhuni zomwe, Tsvetana anagonja. Ananyamula vayolini yake kupita kwa a Kolyo, bambo wachikulire wophika buledi yemwe ankadziwana ndi aliyense, kuti amupezere wogula.

A Kolyo anapukusa mutu. "Mwanawe, ukagulitsa ichi utsala ndi chiyani? Tsabola wakoyo ndinamulawa ine, sangakulemeretse."

Tsvetana anaseka misozi ili m'maso. Bamboyo anamupatsa buledi ndi nkhuni, n'kumuuza kuti chipinda cha kuseri kwa uvuni chimakhala chofunda masana onse, choncho aitane anzake amene anatsala azidzaimbira momwemo.

Anabwera ochepa. Woimba lipenga anali atayamba kuyendetsa takisi, wachitoliro ankasesa pachipatala. Onse ankakhala pa matumba a ufa, pobwerera kwawo majekete ali mbuu.

Sizinali zophweka. Tsiku lina Zdravko, woimba lipenga uja, anakwiya n'kunena kuti n'zochititsa manyazi anthu ophunzira nyimbo kumaimbira mbewa.

"Achimwene, mbewazo bola zikutimva," anatero Tsvetana. "Manyazi enieni ndi kukhala chete."

Zdravko anang'ung'udza, koma mawa lake anabweranso.

Odzagula buledi anayamba kuchedwa pakhomo, akumvetsera. Amayi ena ankasiyira oimbawo nyemba ndi tchizi. Aphunzitsi anaitana oimbawo kusukulu, kenako midzi yozungulira nayo inawafuna. Ankayenda pa basi yakutha, nthawi zina n'kuchita kuikankha okha m'matope.

Patapita zaka, anthu a m'tauni ndi a m'midzi anadzaza bwalo la khonsolo kupempha kuti holo itsegulidwe. Khonsolo inagonja, oimba analembedwanso ntchito, ndipo ena amene anali kunja anabwerera. Lero okestrayo imaimba m'chigawo chonse, ndipo ambiri mwa oimba ake ndi ana a m'midzi yomwe ija.

Tsvetana anakalamba, zala zinauma, saimbanso. Achinyamata akamamutama kuti ndiye anapulumutsa gululi, amakana. Amati iye anangopitiriza kuimba, koma amene anamugwira dzanja ndi anthu osauka ngati iye yemwe, ndipo sadzatha kuwathokoza.

Inu amene mukuwerenga, mwina lero chitseko chakutsekerani ndipo mukuganiza zotaya luso lanu. Dikirani kaye. Wokuthandizani sakhala kutali nthawi zonse, mwina mumamupatsa moni m'mawa uliwonse. Mtima wokhawo musautaye, ndipo mukadzadzuka, mudzakumbukire kunena zikomo.