Bedi la m'Chipinda Nambala Seveni

Ndinachoka ku Kakumbi chifukwa cha chithunzi chimodzi. Ena amachoka kwawo chifukwa cha njala, ena chifukwa cha mlandu. Ine ndinachoka chifukwa msuweni wanga Aliki anajambulidwa ndi azungu.

Aliki ndi mwana wa amalume. Tinabadwa chaka chimodzi, iye wofatsa, ine wapakamwa. Ndinali ndi benchi pa msika wa Mfuwe, pomwe ndinkagulitsa tomato, nsomba zouma ndi machubu a njinga, ndipo ndinkadziwika kuti ndikayamba kunenerera mtengo, munthu amatsitsa pongofuna kuti ndikhale chete. Aliki ankalima. Kwathu kulima n'kupikisana ndi njovu: iwe ubzale, izo zikolole. N'chifukwa chake anthu amalima tsabola woopsa m'mbali mwa munda, n'kumusakaniza ndi ndowe za njovu zomwezo, kuumba njerwa zoti azifukiza kuti utsi uziingitsa nyamazo. Aliki ndi mkazi wake Esinati anawonjezera mzere wina wa tsabola wodya anthu, n'kumamuphika ndi mango, kuthira m'timabotolo. Loji ina yogona alendo odzaona nyama inayamba kugula. Tsiku lina alendo a pa lojipo anabwera kumunda n'kumujambula atanyamula botolo, akuseka ngati wapambana chisankho. Chithunzicho chinayenda m'mafoni onse a pa msika.

"Jailosi," anatero mayi wina wogulitsa makala pafupi nane, "msuweni wako wafika ku Ulaya osakwera ndege. Iwe ukadali pano kulimbirana thu kwacha."

Sabata yomweyo ndinagulitsa benchi. Aliki anandiperekeza pokwerera minibasi ya ku Chipata, n'kundipatsa botolo la tsabola wakeyo. "Uzikathira kumeneko, akuti ndiwo za m'tauni n'zozizira." Ndinathokoza. Potsika ku Chipata ndinalisiya dala pansi pa mpando.

Miyezi yoyamba ku Lusaka ndinkakankha wilibala pa msika waukulu. Ntchito yeniyeni inandipeza ndikukangana ndi wogulitsa anyezi m'malo mwa mayi wina amene ndinamunyamulira katundu. Nditagwetsa mtengo kawiri, mayiyo anandifunsa ngati ndimatha kudzuka folo koloko. Anali Madamu Mwila, mkulu wa kukhitchini pa kahotela kena ka zipinda khumi, kobisika kuseri kwa mpanda wa maluwa. Ntchito yanga inali kugula ndiwo kumsika, kuzinyamula pamutu kulowera khomo lakumbuyo, n'kuzitsuka. Khomo lakutsogolo ndinkaliona podutsa.

Kumeneko ndinaona kadyedwe kamene sindinakalotepo. Mbale yaikulu ngati lichero, pakati pake kansomba kofanana ndi bokosi la machesi, m'mbali timadontho titatu ta msuzi ngati padutsa nkhuku. Chikanda chomwe timadya titaimirira pa siteji ankachidula mwa makona anayi, n'kuikapo kaduwa. Anthu ankayamba ajambula, chakudya n'kuzizira, kenako n'kumadya pang'onopang'ono akutsinzina. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti bilu ikabwera palibe ankanenerera. Munthu ankangotulutsa khadi osayang'ana n'komwe, n'kusiyira weita ina yapamwamba. Ine amene ndinatha thukuta m'mawa kugwetsa mtengo wa nsomba yomweyo ndinkangosuzumira pa kawindo ka khitchini.

Ndinkagona ku Mtendere, m'kachipinda komwe ukatambasula miyendo umagogoda chitseko. Lamulungu ndinkangokhala, kumvera wailesi ya oyandikana nawo kudzera pakhoma. Palibe ankandifunsa kuti ndaswera bwanji n'kudikira yankho. Pakutha pa mwezi ndinkatumiza ndalama kwa amayi, koma pakati pa mwezi ndinkatumiza zithunzi. Mbale zisanatuluke m'khitchini ndinkazijambula msangamsanga n'kulemba kuti, "Nkhomaliro ya lero." Ndinawauza kuti ndine manijala woona zogula, ndipo ngati mungaliyang'ane chammbali, bodza limeneli lili ndi kachoonadi kake.

Chithunzi changa chachikulu chinali cha m'chipinda nambala seveni, chodula kuposa zonse. Mayi Bwalya, amene ankakolopa ndi kuchapa zofunda, anandilola kugona pa bedi lake kwa miniti imodzi mlendo atatuluka. "Vula majombo, mwana iwe, zofundazi ndimachapa ndine," anatero, n'kundijambula nditatsamira mapilo anayi. Ndinatumiza kumudzi ndi mawu akuti, "Kupumako pang'ono titatha miting'i." Aliki anayankha, "Wafika, msuweni." Ndinawerenga mawu awiriwo mwina kakhumi, ndipo ankakoma kuposa chilichonse chomwe ndinajambulapo.

Chaka chachitatu Madamu anakonza phwando la zakudya za m'chigwa cha Luangwa. Matebulo pa kapinga, oimba, matikiti kutha sabata imodzi. Akundilembera zogula, anatulutsa m'chikwama kabotolo komwe mnzawo wina anawabweretsera kuchokera ku loji. Pa pepala lake panali njovu, ndipo pambali pa njovuyo panali mano a Aliki.

"Jailosi, si kwanu kumeneku? Ukumudziwa bambo uyu?"

"Nkhopeyi si yachilendo, Madamu. Koma Kakumbi ndi yaikulu."

"Pita ukamupeze. Ndikufuna mabotolo handiredi, ukanenerere monga umachitira. Ukamuuzenso kuti ndi mlendo wathu wolemekezeka. Adzayankhula kwa alendo, ndipo adzagona masiku awiri mu seveni."

Mu seveni! Ine miniti imodzi, wopanda majombo, iye masiku awiri. Kenako ndinaganiza china choposa pamenepo: adzakhala pa khonde akumwa tiyi, n'kuona manijala akulowa chakumbuyo ndi thumba la kabichi pamutu. Basi isanafike ku Nyimba nzeru ndinali nditaipeza kale. Ndikagula tsabola pa mtengo wogwetsa, za kuitanidwa sinditchula, ndipo Madamu ndidzawauza kuti munthuyo amaopa tauni.

Ndinafika mu Epulo, chimanga chikuuma m'minda. Ndinavala jekete yobwereka kwa weita wina, m'kutentha kwa ku Mfuwe. Nyumba ya Aliki inali ndi malata atsopano ndi sola padenga, ndipo ndinaziwerenga zonsezo ndi diso limodzi kwinaku ndikunamizira kuyang'ana nkhuku.

"Mwaswera bwanji, a manijala?" anatero Esinati akuyala mphasa, mimba ili patsogolo. Amayi anabwera, oyandikana nawo anabwera, aliyense kufuna kuona momwe a ku Lusaka amachitira malonda.

Kunenerera kuli ndi malamulo ake atatu. Usaonetse kuti chinthucho ukuchifuna. Chinyoze. Ukatero chilawe pamaso pa mwini wake n'kugwedeza mapewa. Malamulo amenewa anandidyetsa zaka zambiri, ndipo ndinawatsata onse.

"Msuweni, ndisakunamize, ku Lusaka tsabola wachita kutayika. Ine ndangoti ndithandize wachibale. Komanso wakoyu ndamva kuti ndi wofatsa ngati mwini wake."

Pafupi panali malichero awiri a tsabola woyanika. Ndinatola kamodzi kakang'ono, kofiira, m'lichero lomwe linali pafupi nane.

"Alamu, ameneyo ndi wa..." Esinati anayamba, koma Aliki anamugwira mkono.

"Asiye, mayi. A manijala akudziwa ntchito yawo."

Ndinatafuna. Zaka zitatu za m'tauni zinandiiwalitsa chimene aliyense wa ku Kakumbi amadziwa, kuti lichero loyanikidwa kutali ndi khomo ndi la njovu. Mapewa ndinagwedezadi, koma sanali kugwedezeka mwa kufuna kwanga. Makutu analira. Misozi, mamina, thukuta, zonse zinatuluka nthawi imodzi ngati zaitanidwa ku msonkhano. Jekete ya mwini ndinaiponya pa nkhokwe. Ndinazungulira mtengo wa mango kawiri ndisanapeze mtsuko.

"Bwanji msuweni, titsitse zingati?" Aliki anafuula. "Paja wati ndi wofatsa!"

Anthu anaseka mpaka ena kugona pa mphasa. Esinati anandipatsa shuga wodzaza supuni ndi nsinjiro, ndipo anthu atabalalika ndinakhala pansi pa mango ndi Aliki, lilime lili panja ngati galu wa alenje.

Bodza limafuna pakamwa pozizira. Ndi lilime lotupalo ndinalephera kulikonza bwino, ndipo ndinangozitaya zonse: za phwando, za seveni, za nzeru yanga ya m'basi. Ndinamaliza ndi chovuta kwambiri. "Ine si manijala, Aliki. Ndimanyamula kabichi."

Sanadabwe. Anatulutsa foni, n'kupeza chithunzi changa cha pabedi, n'kuchikulitsa ndi zala ziwiri. Pakona panali galasi lalikulu la m'chipindamo. M'galasimo munali Mayi Bwalya atagwira foni, mopu atatsamiritsa paphewa, ndipo pambali pawo majombo anga awiri ataima mwaulemu.

"Anayamba kuona ndi azakhali, amayi ako," anatero. "Anati aliyense atseke pakamwa, mwana akutumiza ndalama za thukuta lake, musamuchotse chipewa."

"Ndiye zaka zonsezi mumangonditcha manijala?"

"Ukanakonda tizikutcha chiyani? A kabichi?"

Ndinafuna kukwiya, koma pakamwa panalibe malo. Kenako iye anayang'ana kumunda n'kupukusa mutu. "Komabe nzeru yako ya m'basi inali yosafunika. Sindingapite. Njovu zinabwera dzana, zinathyola kwa oyandikana nafe. Esinati sangakwere pa nsanja yolonderera munda mmene alilimu. Ndikagone pa mapilo masiku awiri, ndidzapeze mapesi okhaokha? Pokhapokha patapezeka munthu wondilondera." Ananena zimenezi osandiyang'ana, akutokosa pansi ndi kamtengo.

Apa ndiye panali pothawira pabwino. Ndikanangoti pepa, n'kunyamula mabotolo, n'kukauza Madamu zoona zokhazokha, kuti munthuyo akulondera munda. Nsanje inkandiuza kuti nyamuka. Koma ndinkangoona majombo aja m'galasi, ndi mudzi wonse ukuwaona zaka zonsezi osanena kanthu.

"Mtengo wako ndi wopusa," ndinatero pomaliza. "Kumeneko supuni imodzi ya tsabolayu amaiika pa mbale ya mtengo wa mbuzi. Ukafika, usaonetse kuti ukufuna kugulitsa. Akanena mtengo, uyang'ane kudenga. Ndipo usaseke, mano akowo ndi amene amakugwetsera malonda."

Ndinaimbira Madamu kuti mlimiyo ndi wovuta, mtengo akufuna kukambirana yekha, ndipo sabwera pokhapokha ine nditatsala kumunda kwake. Anandipatsa masiku anayi.

Choncho Aliki anakwera minibasi atavala jekete ya weita ija, ine n'kukwera pa nsanja ndi chitini chogogoda ndi mulu wa njerwa za ndowe. Lamulungu m'mawa, maso ali psuu ndi utsi, ndinatsika kukayendera munda. Mapazi a njovu anafika mpaka pa mzere wa tsabola n'kukhotera kumtsinje. Chimanga chinali chilili. Ndili pomwepo foni inalira. Chinali chithunzi: Aliki pa bedi la mu seveni, mapilo anayi, thireyi ya mazira pamiyendo. Pansi analemba kuti, "Anandiombera m'manja dzulo. Bedi lakoli lafewetsa, msana ukuwawa. Zabwera?"

Musaganize kuti nsanje inatha. Inandigwira pomwepo, ndipo mpaka lero, ndikamalowa chakumbuyo ndi kabichi n'kuona kabotolo kake pa tebulo lililonse, imandigwirabe. Chimene chinasintha n'chakuti ndinasiya kutumiza zithunzi za mbale. Ndinapita ku Lusaka kukafuna anthu oti andione, osadziwa kuti kwathu anandiona kale mpaka ku majombo, n'kusankha kundisungira ulemu umene sindinaugule. Ndikafika pa msika wa Mfuwe amandiitanabe kuti a manijala, ndipo ndimayankha.

M'mawa umenewo ndinakulitsa chithunzi cha Aliki ndi zala ziwiri, monga anachitira iye, kufuna kupeza poti ndimugwire. Sindinavutike. Ndinapukuta manja pa buluku n'kumulembera: "Sizinalowe. Vula nsapato pabedipo, mbuzi iwe, zofundazo amachapa ndi Mayi Bwalya."